Mlongo wanga wabereka mwana wachialubino, akuchimuna akuti kwawo kulibe

Malume_wa_ku_Mponela:
Abale, ndithandizeni nzeru, mutu wandiima. Mlongo wanga anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi wonenepa bwino, woyamwa mwamphamvu. Koma mwanayo ndi wachialubino. Ndi wachitatu ameneyu, awiri oyambawo ndi akuda bii ngati bambo awo. Alamu anga poyamba sanaonetse vuto, ankabwera kuchipatala ndi phala m'fulasiki m'mawa uliwonse. Zinthu zatembenuka atafika amayi awo kuchokera kumudzi. Anangomuvundukula mwana, kumuyang'ana, kumufunditsanso, n'kunena kuti "kwathu kulibe zoterezi chiyambire." Pano alamu akugona pabalaza, ndipo akuchimuna aitanitsa ankhoswe Loweruka likubwerali. Mwini mbumba ndine, ndiyenera kukayankhula. Chondisautsa n'choti nakonso kwathu sindikudziwa wachialubino aliyense. Ndiye mwanayu watengera ndani? Sindikufuna kukangokalipa, ndikufuna ndikanene zomveka.

Nabanda77:
Pepani malume. Choyamba mlongo wanuyo asakhale yekha masiku ano. Mwana wa mwezi umodzi, tulo palibe, kuwonjezera milandu, munthu akhoza kudwala maganizo.

Kabaza_Express:
DNA basi. Nkhani yatha.

Thobwa_Lozizira:
Kabaza, ndalama yake ukupereka ndiwe?

Sir_Bio_Form4:
Malume, yankho lalifupi ndi ili: mwanayo watengera onse awiri, mlongo wanu ndi alamu anu. Palibe njira yoti khungu lachialubino lotereli lichokere mbali imodzi yokha.

Lalitali nali. Munthu aliyense ali ndi ma chromosome 46, ndipo 23 anachokera kwa mayi, 23 kwa bambo. M'menemo ndi momwe muli majini, malangizo a momwe thupi lipangikire. Ndiye pa chinthu chilichonse timakhala ndi makope awiri a malangizo, lina la kuchikazi, lina la kuchimuna. Pali jini imene imathandiza thupi kupanga melanin, utoto umene umadetsa khungu, tsitsi ndi maso. Ngati kope limodzi likugwira ntchito, linalo lili lowonongeka, logwira ntchitolo limakwanira, munthu amada bii osadziwa n'komwe kuti wanyamula china. Loonekeralo timati dominant, lobisalalo timati recessive. Lobisala limaonekera pokhapokha likakumana ndi linzake lobisala. Mlongo wanu ali nalo limodzi, alamu anu ali nalo limodzi, mwa mwanayu akumana.

Akamati "kwathu kulibe" akunena zimene maso awo aona. Chinthuchi chimatha kuyenda mibadwo isanu, isanu ndi umodzi, chili phee, kudikira kukumana ndi chinzake.

Thobwa_Lozizira:
Sir, mukakanena kwa ankhoswe kuti mwana ali ndi majini, agogo athamangira kwa sing'anga kukatulutsa.

Sir_Bio_Form4:
Haha, zimenezo zinandichitikirapo m'kalasi. Mwana wina wa ku Mangochi anakweza dzanja n'kufunsa ngati ndi majini omwe aja ogwetsa anthu. Malume, mawuwo musakawatchule. Kanenani kuti "za kumtundu" kapena "za m'magazi", amva.

Gogo_wa_WhatsApp:
Ife kale tinkauzidwa kuti mayi woyembekezera akaona napweri alavulire malovu pachifuwa, apo ayi abereka wotero. Mwina mtsikanayu anaiwala.

Chipewa_Chachikulu:
Agogo, ndi ulemu wonse, dzina mwatchulalo timadana nalo. Ndine munthu wachialubino, zaka 34, ndipo malovu amenewo ndakhala ndikuwaona moyo wanga wonse. Umakwera minibasi, mayi wapakati wakuona, wavundukula bulauzi, thu. Iwe uli pompo, wagwira chikwama chako. Palibe mwana anasinthapo khungu chifukwa cha malovu. Nkhani imakhala itatha tsiku lomwe mimba yaima.

Gogo_wa_WhatsApp:
Pepa mwanawe, ndi momwe tinakulira. Sindinafune kunyoza.

Chipewa_Chachikulu:
Ndamva agogo, zikomo.

Malume, ine bambo anga anachoka ndili ndi miyezi inayi. Chifukwa chake chomwechi, "kwathu kulibe". Anakakwatira kwina, kutali ndithu, ndipo mwana wawo wachiwiri kumeneko anabadwa ngati ine. Amayi anga atamva sanaseke, anangoti "bola aone okha". Mng'ono wangayo tinakumana titakula, tonse tavala zipewa, tonse tikutsinzinira dzuwa.

Ine ndinakwatira mkazi wakuda, tili ndi ana atatu, onse akuda. Anthu omwe aja ankati amayi anga anayenda njira pano amanong'ona kuti mkazi wanga ndiye anayenda njira, poti ana sanafanane nane. Pakamwa pa anthu sipasowa chonena. Chilungamo chake n'choti ana anga onse atatu ananyamula kope lobisalalo kuchokera kwa ine, poti ine ndilibe lina loti ndiwapatse, koma la amayi awo likuliphimba. Ndinawauza kale, wamkulu ali Fomu 2 ndipo amazimvetsa kuposa ine.

Malume_wa_ku_Mponela:
Zikomo achimwene, mwandikhudza. Sir, nanga bwanji awiri oyambawo anatuluka akuda, makolo ali omwewo? Funso limeneli andifunsa ndithu.

Sir_Bio_Form4:
Chitani izi, ndimachita ndi ana asukulu chaka chilichonse. Tengani zikho ziwiri kapena matumba awiri osaonekera mkati. M'thumba lililonse ikani nyemba imodzi yofiira ndi imodzi yoyera. Thumba lina ndi mlongo wanu, lina ndi alamu. Munthu apise osayang'ana, atenge imodzi uku, imodzi uku. Ameneyo ndiye mwana. Yofiira ndi yofiira, mwana wakuda wosanyamula kanthu. Yofiira ndi yoyera, mwana wakuda koma wanyamula, ngati makolo ake. Yoyera ndi yoyera, mwana wachialubino. Bwezerani nyembazo, gwedezani, apisenso. Akapisa ka 40, zoyera ziwiri zituluka pafupifupi ka 10. Ndiye kuti pa mimba iliyonse mwayi ndi umodzi pa inayi.

Ndipo muwaonetse izi: thumba limodzi muchotsemo yoyera, muikemo zofiira zokhazokha. Apise mpaka dzuwa kulowa, zoyera ziwiri sizituluka. Ndiye kuti thumba la bambo wa mwanayo lili ndi yoyera, afune asafune.

Mai_Awiri_Area25:
Ndiye poti wachitatu watero, wachinayi akhala wakuda eti? Poti mwati mmodzi pa anayi.

Sir_Bio_Form4:
Ayi mayi, apa ndi pamene ambiri amaphonya, ngakhale pa mayeso a MSCE. Thumba silikumbukira zimene linatulutsa dzulo. Mimba iliyonse imayambira pa chiyambi. Pali mabanja a ana asanu, atatu achialubino. Pali ena a ana asanu ndi atatu, onse akuda, makolo onse atanyamula, ndipo amamwalira osadziwa.

WakuJoni_Randburg:
Koma tisamanamizane apa. Akazi ena amayendadi njira. Sayansi yanuyi isakhale chobisalira.

Nabanda77:
Wayamba uja.

Dokotala_wa_Mbuzi:
WakuJoni, taganiza bwino. Tinene kuti mayiyu anayendadi. Mwamuna winayo ayeneranso kukhala wonyamula nyemba yoyera ija, ndipo mwachidziwikire nayenso ndi wakuda ngati alamuwo. Ndiye khungu la mwana likukuuza chiyani za yemwe ali bambo? Palibe. Ana awiri akuda aja sanawakayikire bwanji, poti mwamuna aliyense wakuda m'mudzimo akanatha kubereka mwana wakuda? Komanso amene amati anagona ndi mzungu, mzungu si wachialubino. Mwana wa mzungu ndi munthu wakuda amatuluka wakaladi, tonse timawadziwa.

Ine ndimaweta. Amene anasungapo nkhuku za kameta akudziwa: tambala wakameta, thadzi lakameta, koma pa anapiye khumi umapezamo awiri atatu a khosi la nthenga bwinobwino. Palibe amaitana ankhoswe a nkhukuzo. N'chimodzimodzi chimanga cha haibulidi. Ukabzala mbewu yogula, munda umakhala wofanana ngati asilikali. Ukasunga zokolola n'kubzalanso chaka chamawa, china chachitali, china chachifupi, china chisononkho chake ngati chala. Zimene zinabisala mwa makolo zatulukira mwa ana.

Sir_Bio_Form4:
Ndipo ndi momwe zinadziwikira, kudimba. Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, komwe pano ndi dziko la Czech Republic, ankakweretsa nsawawa zazitali ndi zazifupi. Ana onse anatuluka aatali. Atakweretsa anawo okhaokha, zazifupi zinabwereranso, chimodzi pa zinayi zilizonse. Analemba zimenezi mu 1866, anthu sanazilabadire mpaka 1900, iye atamwalira kale.

WakuJoni_Randburg:
Chabwino, za nkhuku ndamva. Koma mnzanga kuno gulu lake la magazi ndi B, mkazi wake A, mwana watuluka O. Zimenezo mufotokoza bwanji?

Namwino_wa_Usiku:
N'zomwezo, nyemba zomwe zija. O ndi wobisala. Munthu wa gulu A akhoza kukhala ndi A ndi O mkati mwake, wa B akhoza kukhala ndi B ndi O. Akapereka O onse awiri, mwana ndi O. Banja limenelo likhoza kubereka mwana wa A, wa B, wa AB kapena wa O, magulu onse anayi, nyumba imodzi. Muuzeni mnzanuyo agone tulo. Pamene pamafunika kufunsa ndi pomwe makolo onse ndi O koma mwana watuluka A kapena B, ndipo ngakhale pamenepo timayamba tayezanso, chifukwa zolembedwa m'mabuku a kuchipatala zimalakwika.

WakuJoni_Randburg:
Ndimuuza. Anali atayamba kale kumwa.

Mayi_ake_Junior:
Ndiloleni ndiikepo yanga, ngakhale si ya khungu. Mwana wanga wachiwiri ali ndi sickle cell. Anayamba ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, timanja ndi timapazi kutupa, kulira usiku wonse ukangomukhudza. Kenako maso achikasu, magazi kuchepa, kuthiridwa magazi kawiri asanakwanitse zaka ziwiri. Apongozi anga anati ndi tsempho, ena anati ndamulodza ndekha kuti bizinesi iyende. Tinazungulira, ndalama zinapita. Atamuyeza bwinobwino anatiitana tonse awiri kuti nafenso tiyezedwe. Ine AS, bambo ake AS, kutanthauza kuti aliyense wa ife ananyamula kope limodzi lobisala la matendawa. Mwana SS, analandira makope onse awiri. Adokotala anajambula kabokosi ka zipinda zinayi papepala, n'kutionetsa chipinda chimene mwana wathu anagweramo. Bambo ake anakhala chete nthawi yaitali, kenako anapinda pepalalo n'kuika m'thumba la shati. Anakalionetsa amayi awo okha, ine sindinapite nawo.

Chimene chimandipweteka n'choti tonse ndife athanzi, sitinadwalepo, ndipo tikanatha kuyezetsa tisanakwatirane. Tinayezetsa HIV yokha, poti ndi imene abusa anafunsa. Sindikunena kuti sindikanakwatiwa naye, mwina ndikanakwatiwabe. Koma tikanadziwa, mwana sakanavutika chaka chathunthu tikumumwetsa mizu. Mwezi wa June ndi July kukamazizira ndimagona ndi diso limodzi, chifukwa kuzizira ndi kuchepa kwa madzi m'thupi ndi zimene zimamudzutsira ululu wa m'mafupa.

Namwino_wa_Usiku:
Limbani mtima mayi. Kwa amene sakudziwa, maselo ofiira a magazi amakhala obulungira, koma mwa mwana wa SS amapindika ngati zenga, n'kumatsekereza timitsempha ting'onoting'ono. Ululu umachokera pamenepo. Chodabwitsa chake, munthu wa AS amatetezekako ku malungo aakulu aja opha ana. N'chifukwa chake jini imeneyi ndi yofala kumadera a malungo ngati kwathu kuno: onyamulawo ankapulumuka, n'kukula, n'kubereka.

Thobwa_Lozizira:
Ndiye kuti recessive ndi jini yofooka, dominant ndi yamphamvu? Magazi amphamvu aja amanena akuluakulu?

Sir_Bio_Form4:
Ayi, ndipo mawu akuti magazi amphamvu asokoneza anthu ambiri. Dominant sikutanthauza yabwino, yamphamvu kapena yofala. Zikungotanthauza kuti kope limodzi likukwanira kuti chinthu chioneke. Chitsanzo, kachala kachisanu ndi chimodzi kamene ana ena amabadwa nako pambali pa chala chaching'ono. Kawirikawiri kameneko ndi dominant, kholo limodzi likhoza kupatsira mwana. Koma anthu ambiri tili ndi zala zisanu. Ndipo O uja ndi recessive, koma ndiye gulu la magazi la anthu ochuluka.

Nabanda77:
Kachala ako kwathu ndiye kathu! Agogo aamuna anali nako, amayi anga, ine, ndi mwana wanga woyamba. Amangomanga ndi ulusi kuchipatala n'kugwa kokha. Panopa pangotsala kachiphuphu. Koma mchemwali wanga alibe pamene mwana wake ali nako, zimenezo bwanji Sir?

Sir_Bio_Form4:
Imeneyo nthawi zina imakhalapo koma osaonekera, kapena kanali kakang'ono ngati njerewere anthu osakazindikira. Kabokosi ka zipinda zinayi kotchedwa Punnett timaphunzitsa kaja n'koona, koma thupi la munthu si nsawawa. Ndivomerenso kuti zina zimene timaphunzitsa, monga kupinda lilime ndi maonekedwe a khutu, tinazifewetsa kwambiri, siziyenda ndi jini imodzi yokha. Msinkhu ndi kuderapo kapena kuyererapo kwa khungu wamba zimayenda ndi majini ambirimbiri, n'chifukwa chake m'nyumba imodzi mumapezeka wakuda bii, wofiirira ndi woyera, mayi mmodzi bambo mmodzi.

Kabaza_Express:
Nanga ine mkazi wanga akungobereka akazi okhaokha, anayi tsopano. Kwawo ndi otero.

Namwino_wa_Usiku:
Kabaza, khala pansi. Ma chromosome amene amachititsa kuti mwana akhale wamkazi kapena wamwamuna ndi X ndi Y. Mayi amapereka X nthawi zonse. Amene amapereka X kapena Y ndi bambo. Y akapita, mwana ndi wamwamuna. Ngati pali woti afunsidwe ndi iweyo, ngakhale nawenso susankha.

Thobwa_Lozizira:
Kabaza wagwa panjinga.

Kabaza_Express:
Ndatuluka pagulu.

Nkhoswe_Wopuma:
Tabwererani kwa malume, mwasochera. Ine ndakhalapo pa milandu ya mabanja yambiri. Malume, funso limodzi: mlongo wanu ndi alamu anuwo pali chibale? Poti kwathu kuno chisuweni chinkaloledwa, mwana wa malume kukwatira mwana wa azakhali, ndipo m'midzi ina aliyense ndi m'bale wa mnzake ukafukula.

Malume_wa_ku_Mponela:
Ayi, alamu kwawo ndi ku Ntcheu, anakumana kusukulu.

Namwino_wa_Usiku:
Funso la a Nkhoswe ndi labwino komabe. Asuweni ali ndi agogo amodzi, ndiye ngati agogowo ananyamula nyemba yoyera ija, mwayi woti onse awiri ailandire ndi wokulirapo kusiyana ndi anthu osadziwana. Koma si kuti chibale ndiye chimapanga jiniyo, chimangoikumanitsa. Ana ambiri achialubino makolo awo alibe chibale chilichonse. Onyamula ndi ochuluka kwambiri kuposa amene amaoneka. Pagulu lino lomwe tilipo angapo, sitikudzidziwa.

Chipewa_Chachikulu:
Kalembera wa 2018 anawerenga anthu achialubino 134,636 m'Malawi muno. Aliyense wa ife ali ndi bambo ndi mayi amene ananyamula, ndipo ambiri mwa makolowo ndi akuda. Mu 2021 a Overstone Kondowe anasankhidwa kukhala phungu ku Nkhotakota, woyamba wachialubino ku Nyumba ya Malamulo. Agogo a mwanayo muwauze zimenezo, mwina akuganiza kuti mdzukulu wawo sadzapita patali. Nzeru zake zilibe vuto lililonse. Maso okha ndiwo amavuta, amagwedezeka ndipo saona patali, ndiye akadzayamba sukulu adzakhale kutsogolo, aphunzitsi azilemba zilembo zikuluzikulu. Mufufuzenso a APAM, bungwe la anthu achialubino, m'boma lanu, amathandiza kulankhula ndi mabanja otere.

Nkhoswe_Wopuma:
Langizo langa malume: musakayambe ndi sukulu. Mukayamba ndi ma chromosome, apongoziwo amva ngati mukuwanena kuti ndi mbuli, ndipo munthu wamkulu akachita manyazi pagulu sabwerera m'mbuyo. Yambani ndi kuvomera kuti nanunso kwanu simunaonepo, mwadabwa limodzi. Musakanene kuti "zachokera kwanu". Nenani kuti "zachokera kwa tonse". Nyembazo mupatse nkhoswe ya kuchimuna ipise yokha, inu manja kumbuyo. Ndipo alamu anuwo muwapeze pa awiri lisanafike Loweruka. Mwamuna amene ankanyamula phala m'fulasiki mtima wake sunachoke, wangopanikizika pakati pa mkazi ndi amake.

WakuJoni_Randburg:
Komabe akafuna DNA musamukanize. Kukana kumaoneka ngati mukubisa.

Nabanda77:
Iyayi, ayeze ana onse atatu ndiye, osati yekhayu. Ndipo akapeza kuti ndi ake apepese pamaso pa ankhoswe omwewo.

Malume_wa_ku_Mponela:
Abale, ndabwerako. Zinatenga maola anayi. Ndinachita monga munanenera, nyemba za napilira ndi zoyera, m'zipewa ziwiri poti matumba ndinaiwala. Nkhoswe ya kuchimuna inapisa koyamba, zoyera ziwiri. Kachiwiri, zoyera ziwiri. Anthu anaseka, mkuluyo n'kunena kuti ndaika mankhwala m'chipewa. Anapitiriza yekha mpaka ka 30 akuwerenga ndi timiyala, zoyera ziwiri zinatuluka ka 9. Nditachotsa yoyera m'chipewa cha alamu anapisa kangapo n'kusiya, anati wamva.

Apongozi a mlongo wanga sanasunthike. Anati anthu si nyemba, ndipo anyamuka mawa kubwerera kwawo. Alamu sanayankhule zambiri, koma anati DNA akuifunabe kuti amayi awo akhale chete. Mlongo wanga anavomera, anati ndalama apeze okha ndipo asakhudze ya fizi ya ana. Sindikudziwa ngati adzaipeze. Usiku wathawu akuti anabwerera kuchipinda, koma sakuyankhulana kwenikweni.

A Chipewa, funso lina. Mafuta oteteza ku dzuwa aja ayambe kumudzoza liti? Mayi ake akufuna kuyamba kupita kumunda mwezi wamawa.

Chipewa_Chachikulu:
Pa msinkhu umenewo chachikulu ndi mthunzi ndi zovala. Asamubereke kumsana mutu uli pamtunda, dzuwa la kumunda limamuwotcha khosi ndi makutu mphindi zochepa chabe, ndipo zilonda za dzuwa zikachuluka ndi zimene zimadzabweretsa khansa ya pakhungu akakula. Kachipewa ka khonde lalikulu, malaya a manja aatali, ndipo kuyambira cha m'ma 10 mpaka 3 koloko akhale pansi pa mtengo kapena m'nyumba. Za mafutawo akafunse kusikelo ulendo ukubwerawu, amuuza msinkhu woyambira ndi komwe amaperekera. Akapita atenge bambo ake, akamve okha kwa anamwino.